Ndinkakwerera Njinga pa Chitsa

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Munali mu Okutobala, ndipo aliyense amene ndinamudandaulira ankandiyankha chimodzimodzi: kuno n'kuchigwa, ndani alibe ludzu? Ndinkamwa madzi chikho ndi chikho pa benchi langa la tomato pamsika wa Golomoti, kukhosi kuli gwa. Kenako ndinayamba kutaya madzi pafupipafupi, ndipo tsiku lina ndinaona nyerere zitaunjikana pamene ndinakodza. Ndinangozikwirira ndi dothi n'kuchokapo. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndisanagonepo m'chipatala kupatula pobereka, ndipo sindinkafuna kuyamba.

Mu Januwale ndinabayidwa ndi minga kumunda, pansi pa chala chaching'ono cha phazi lamanzere. Sindinamve kanthu. Amene anaona magazi pa patapata ndi amuna anga, a Soko. Bala linakhala milungu itatu osapola, ndipo m'mudzi monse anthu anasanduka madokotala. Wina anabwera ndi masamba a nimu, wina phulusa, wina mafuta a mabuleki a galimoto m'kabotolo. Ndinapaka zonsezo. Ndikakumbukira ndimadzikwiyira, chifukwa chipatala sichinasamuke, chinali pomwe chili lero.

Ndinapita mu Febuluwale, phazi litatupa. Ndinafika dzuwa lisanatenthe, ndinakhala pa benchi mpaka cha m'ma 11 koloko, buku la kuchipatala lili m'manja. Anandibaya pa chala cha dzanja, anayang'ana kamakina, n'kundiuza kuti ndili ndi matenda a shuga. Anandipatsa mapilitsi, anatsuka bala, ndipo anandilembera masiku obwera kudzasintha bandeji. Anandiletsa shuga wa mu tiyi ndi zakumwa za m'botolo. Zimenezo ndinazimva, ngakhale monyinyirika.

Bala litapola, nesi amene ankanditsuka, mayi wamfupi wosakonda kuseka, anandikhazika pansi.

"Amayi, phazi lanuli silikumva bwino ululu. Mukaliyendetsa mtunda wautali lichita matuza inu osadziwa. Koma thupi likufunika kugwira ntchito kuti shuga atsike. Njinga muli nayo?"

Ndinati ilipo ya abambo, koma ine sindinapalasepo chibadwire. Kwathu njinga inali ya amuna, atsikana tinkangoipukuta.

"Ndiye mukaphunzire," anatero, n'kuitana wotsatira.

Mwana wanga Tiyamike, amene amakhala ku Salima, ananditumizira njinga yachizimayi. Ndinayamba mu Epulo, pabwalo la nyumba yathu, a Soko atagwira kaliyala kumbuyo. Tsiku loyamba ndinagunda khola la mbuzi. Tsiku lachitatu ndinalowa m'munda wa thonje wa aneba. Ndikazungulira nyumba kawiri mpweya unkandithera, mtima n'kumagunda mpaka m'makutu. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri si kugwako ayi. Anali anthu. Amayi amene sanabwerepo kudzandizonda ndikudwala anayamba kubwera madzulo aliwonse, ati kudzacheza, n'kukhala pakhonde moyang'ana kubwalo.

Patapita milungu iwiri ndinkatha kupalasa, kukhota ndi kutsika. Chimodzi chokha chinandikanika: kunyamuka. Phazi lina likangochoka pansi, njinga inkapendekeka ine ndisanapeze pedulo. Ndiyeno ndinatulukira nzeru. Pambali pa nyumba panali chitsa cha mango. Ndikaima pa chitsacho ndinkakhala bwinobwino pa chishalo, kuika phazi limodzi pa pedulo, kudzikankha ndi linalo, basi ulendo wayambika. Kumsika ndinapeza sitepe ya golosale, kuchipatala kakhoma kotchinga maluwa. Malo atatu amenewo anandikwanira.

Ndinayamba kufika kumjigo, kenako kutchalitchi, kenako kumsika tsiku lililonse. Pofika Ogasiti wefuwefu uja anatha, siketi zinayamba kukhwepa, ndipo kusikelo ya odwala shuga anandiuza kuti shuga akutsika bwino. Ndinayamba kudzimva. Ndinkaliza belu ngakhale munjira mulibe munthu.

A Soko sanasiye kundikumbutsa. "Mayi a Tiyamike, tsiku lina mudzatsikira popanda chitsa. Tiyeni muphunzire kunyamukira pansi."

Ndinawayankha kuti ndinagwa mokwanira, anthu apeze china choonera.

Tsikulo linafika mu Novembala, mvula isanagwe. Ndinkachokera kusikelo dzuwa lili paliwombo. Nditadutsa mudzi wina wa m'mbali mwa dambo, ndinaona masamba atayalidwa mopingasa msewu. Panali maliro. Aliyense amadziwa chochita: galimoto ichepetse liwiro, wa chipewa avule, wa njinga atsike mpaka adutse masamba a mbali inayo. Ineyo ndinali m'gulu la amayi okalipira a kabaza akadutsa pa masamba ali chikwerere. Ndinatsika, ndinakankha njinga, ndinadutsa nyumba ya siwa mwaulemu wonse.

Nditafika pa masamba achiwiri m'pamene ndinakumbukira kuti sindidziwa kunyamukira pansi. Panalibe chitsa, panalibe mwala, panalibe sitepe. Panali mchenga wokhawokha, ndi abambo ambiri atakhala pansi pa mtengo, nkhope zitaloza kumsewu. Mmodzi wa iwo, wogulitsa nsomba amene timakhala naye mumsika ndipo ankadziwa za sitepe yanga ya pagolosale, anadzuka n'kubwera.

"Mayi Soko, ndikugwirireni kumbuyoku munyamuke?"

"Ayi bambo, zikomo. Ndikuongolako miyendo."

Mawu amenewo ndi amene anandidula chala. Ndinachita manyazi kugwiriridwa njinga ngati mwana pamaso pa anthu a pamaliro. Ndinakankha mpaka nditabisika, ndinayesa kunyamuka ndekha, ndinagwa, ndinayesanso, ndinagwanso. Njira ya kumeneko ndi ya m'dambo, yathyathyathya, mitengo anamaliza kalekale ndi zitsa zomwe. Wa kabaza wina anaima kufunsa ngati tayala laphwa. Nayenso ndinamuuza kuti ndikuongola miyendo. Ndinayenda pansi ola limodzi ndi theka, mu nsapato zotseka zatsopano, njinga yabwinobwino ili pambali panga.

Kunyumba nditavula nsapato ndinapeza sokosi itamatirira. Thuza linali litaphulika pa chipsera chakale chija. Apa ndinachita kupusa kwachiwiri, koposa koyamba. Ndinamanga kansanza n'kubisa, chifukwa sindinkafuna kumva a Soko akunena kuti anandiuza. Ndinabisa masiku asanu ndi anayi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri chala chinayamba kuda. Tsiku lachisanu ndi chinayi thupi linatentha, ndinkanjenjemera masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo fungo linandiulula.

A Soko sananene kuti anandiuza. Anangoyang'ana phazilo, n'kupita kukaitana galimoto.

Anandigoneka tsiku lomwelo. Adokotala anaona chalacho n'kunena mwachidule: "Chala ichi chafa. Tikachisiya chitenga phazi lonse." Ndinalira, ndinasaina, ndipo m'mawa mwake ananditengera ku fiyeta kukadula chalacho.

Ndinakhala mu wodi milungu itatu, Tiyamike akundidikirira. Masiku ankafanana. M'mawa kubayidwa pa chala, kenako jakisoni wa shuga, kenako kudikira adokotala, kenako kutsukidwa bala. Nthawi yotsalayo ndinkangoyang'ana kudenga n'kumamvetsera mawilo a tebulo la mankhwala. Tsiku lililonse akamasula bandeji ndinkayang'ana nkhope ya wotsukayo, osati bala, kuti ndidziwe ngati phazi litsale. Pa bedi loyandikana nane panagona mayi amene anachedwa kuposa ine. Iyeyo anamudula mwendo pansi pa bondo.

Nesi wamfupi uja anandipeza mlungu wachiwiri. Anafunsa kuti ndinayenderanji pansi njinga ndili nayo. Ndinamufotokozera zonse, za chitsa ndi za masamba. Sanaseke.

"Munthu anadzuka yekha kuti akugwirireni, inu n'kukana?"



Bala linatsekeratu mu Malichi. Atandilola kupalasanso, ndinapempha a Soko kuti azule chitsa chija. Anakumba tsiku lonse, mizu ya mango si yamasewera. Kenako tinapita pabwalo la mpira, masana, poyera, kuti wofuna kuonera aonere mokwana. Anandiphunzitsa kukweza pedulo m'mwamba, kuiponda mwamphamvu, ndi kuyang'ana kutsogolo m'malo moyang'ana mapazi. Ndinagwa kambirimbiri. Anthu anaseka, ine n'kumadzuka ndi kusasa fumbi. Pa tsiku la khumi ndi chiwiri ndinanyamuka ndekha, ndipo ndinabwereza kasanu kuti nditsimikize.

Panopa ndili bwino. Ndimamwa mapilitsi m'mawa ndi madzulo, sindiphonya sikelo, ndipo shuga wakhazikika. Ndimapalasa kupita kumsika ndi dengu la tomato pa kaliyala, ndipo mwezi watha ndinafika ku Mua n'kubwerako osapumira panjira. Ndikasamba ndimayang'ana kuphazi ndi kagalasi, pakati pa zala ponse. Zala zatsala zisanu ndi zinayi.

Inu amene mukumva ludzu losatha, kapena muli ndi bala limene latha mlungu osapola, pitani kuchipatala mawa lomweli. Mafuta a mabuleki asiyireni galimoto. Ndipo chikakuchitikirani china, nenani tsiku lomwelo, ngakhale kwa munthu amene anakuchenjezani kale.

Mlungu wapitawu ndinapezanso masamba panjira ya kudambo ija. Ndinatsika, ndinadutsa. Kutsogolo kwake mchenga unali wambiri, ndipo tayala linkatitimira ndikati ndinyamuke. Ndinatembenukira kwa abambo amene anakhala pafupi n'kunena mokweza, "Pepani bambo, tandigwirireniko kumbuyoku." Mmodzi anadzuka, anagwira kaliyala, anakankha pang'ono, ine ndinapita. Palibe ngakhale mmodzi amene anaseka. Zonsezo zinatenga kanthawi kochepa kuposa kumanga chitenje.