Khasu la Amayi ndi Mitengo ya Khonsolo

Ndili Fomu 2 ndinkalemba zochitika za tsiku ndi tsiku kumapeto kwa kope la masamu. Ndikaliwerenga lero, masamba ambiri akukamba za malo athu a kuseri kwa njanji.

Tauni inali itakula mpaka kufika pafupi ndi mudzi wathu. Kulikonse kunali mauvuni a njerwa ndi zitsa. Pa malo athu pokha ndi pamene panatsala mitengo: tsanya, bwemba, masau ndi mlambe umodzi waukulu. Inatsala chifukwa cha amayi. Kwa zaka zambiri ankathamangitsa ootcha makala, ndipo chilimwe chilichonse ankalambula kuzungulira malowo kuti moto wa osaka mbewa usalowe.

Chaka chimenecho a khonsolo ya tauni anabwera kudzapempha kuti agule malowo. Anati sadzamangapo kanthu, adzangowasunga kuti anthu azikapumulako pamthunzi. Amalume, omwe ndi eni mbumba yathu, anaseka mpaka kutsokomola.

"Anthu a m'tauni ndi odabwitsa, mlongo. Akugula munda kuti azikhalapo pansi!"

Amayi sanaseke, koma anavomera. Madzulo tikutola masau anandiuza chifukwa chake. "Ndikadzafa, inu mudzaduladula maploti. Bola awa akuti mitengo ikhale."

Anaika zipilala za simenti m'malire ndi chikwangwani cholembedwa kuti: osalima, osadula mitengo, osayatsa moto. Analembanso mlonda, bambo wina wa ku Ntaja, wamtali, wovala kofia yoyera, amene ankabwera pa njinga m'mawa uliwonse. Loweruka ana a m'tauni anayamba kubwera ndi mpira, amayi ena ndi mikeka. Ine ndinkakondwera. Ndinalemba m'kope kuti mudzi wathu watukuka.

Udzu utauma mu Ogasiti, amayi anatenga khasu monga mwa chaka chilichonse, ine ndikuwatsatira ndi chikwakwa. Sitinalambule patali, mlonda anatulukira.

"Mayi, pepani, pano si panunso. Kulima n'koletsedwa."

"Ndikulima ine? Mwaona mzere, bambo?"

"Khasu ndi khasu, mayi. Lero mulambula, mawa mubzala nandolo. Abwana akaona dothi lofiira pano, ine ntchito yatha."

"Nanga moto ukabwera muuwerengera chikwangwanicho?"

Mlondayo anamwetulira pang'ono, koma khasu analanda ndithu, n'kulitsekera m'kanyumba kake ka malata. Sindinamude. Anali ndi ana asanu, ndipo analankhula mwaulemu.

Amayi anakhala masiku angapo osapitako. Ankaima pakhonde n'kumayang'ana udzu wofika m'chiuno ukuweyuka ndi mphepo pansi pa tsanya. Chakudya ankangochigwiragwira. Ine ndinang'amba pepala pakati pa kope n'kulemba kalata m'Chingerezi changa chabwino koposa, kufotokoza kuti kulambula si kulima. Ndinakaisiya ndekha ku ofesi ya khonsolo nditavala yunifolomu. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkafunsa ngati yankho lafika. Amalume ankandinyogodola.

"Alembi athu, a khonsolo akuti bwanji lero?"

Yankho lisanafike, Loweruka lina masana tikupeta chimanga, tinamva belu la njinga likulira mosalekeza. Anali mlonda uja, thukuta lili kamukamu, kofia itapendekeka. Pakaliyala anali atamangirira khasu la amayi.

"Mayi! Kutsidya kwa njanji kukufuka utsi, mphepo ikubwera kuno. Walahi, sindikudziwa poyambira."

Amayi sananene kuti ndinakuuzani. Anangomanga chitenje, n'kumasula khasu.

"Iwe, kaitane amalume ako. Auze asiye bawo."

Titafika, amayi sanathamangire kumene kunali utsi. Anatola dothi pang'ono n'kuliwaza m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, kenako analoza ngodya ya kumlambe. "Tiyambire apo. Moto wa kuno umadzera m'khwawa." Anatiika pamzere, mlonda patsogolo ndi khasu lobwereka, amalume pambuyo akudandaula za msana. Anyamata a mpira anathyola nthambi zaziwisi n'kuima m'mbali. Utsi unatiwawa m'maso, phulusa likugwera m'tsitsi. Moto unafika m'khwawa muja monga ananenera, unanyambita udzu wa m'malire, n'kupeza dothi lokhalokha. Masau awiri a kunja kwa zipilala anapsa. Ena onse anatsala.

Tinakhala pansi pa bwemba, aliyense ali wakuda ngati wogulitsa makala. Mlonda anayang'ana kanjira kofiira kamene tinalambula.

"Abwana akafunsa, ndinena kuti ndalambula ndine."

"Limenelo si bodza," anatero amayi. "Mzere wokhota chonchi ndi wanu ndithu. Koma kwatsala mbali ya kumadzulo. Lolemba mubwere ndi khasu lanulanu, langali ndatenga."

Lolemba ndikupita kusukulu ndinawaona awiriwo kuseri kwa chikwangwani, amayi patsogolo, mlonda pambuyo, akumuonetsa m'lifupi mwake ndi mapazi. Ndinachedwa pa asembule chifukwa choima kuwayang'ana, ndipo chilango chake anandipatsa chotchetcha udzu.