Kumene Sopo Wanga Ankapita

Ine ndinakwatiwa ndi msodzi ndisanaonepo mbedza ili pa chingwe. Kwathu ku Chowe nsomba tinkaiona itauma kale, ili m'dengu pa njinga ya wogulitsa. Choncho nditatengedwa chitengwa kupita kumudzi wina kufupi ndi Monkey Bay, ndinanyamula khasu, nzeru za kumunda, ndi katoni ya sopo wochapira amene amayi anandipatsa potsanzikana. Anandipatsanso mawu, chifukwa banjali sanalikondwere kwenikweni.

"Mwana wanga, msodzi amakhala ndi mkazi doko lililonse. Ukadzaona sopo akutha msanga m'nyumba, dziwa kuti kuli mnzako amene akusamba."

Ndinaseka. Mwamuna wanga anali munthu wanthabwala, woyenda akuimba mluzu, ndipo ndinkamukonda mochititsa manyazi. Miyezi yoyamba m'banja munali myaa.

Kenaka kunabwera mphepo ya mwera. Nyanja inakalipa, usipa unasowa, amuna a m'mudzi ankangokhala pansi pa mitengo kusoka maukonde ndi kunamizana. Koma wanga yekha m'mawa uliwonse ankabwera ndi milamba yonenepa, yakuda bii. Ine pa mjigo ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, ngati ndine ndaigwira.

Nthawi yomweyo sopo wanga anayamba kufupika. Mtanda umene ndausiya dzulo uli wautali, lero ndiupeza wadulidwa kumapeto, kudula kwake kosalala bwino.

"Bambo, sopoyu akupita kuti?" ndinafunsa.

"Makoswe," anayankha osandiyang'ana. "Makoswe a kunyanja kuno amakonda sopo."

"Makoswe oyenda ndi mpeni?"

"A kuno ndi ochenjera, mayi. Si a kumapiri kwanu."

Ndinaseka naye, koma mawu a amayi aja anandibwerera m'mutu. Woganiziridwa sindinavutike kumupeza. M'mphepete mwa njira yopita kudambo munkakhala mayi wina wogulitsa zitumbuwa, mwamuna wake ali ku Joni zaka zambiri. Zovala zake pa chingwe zinkayera mbee, mpaka kundipweteka m'maso. Ndinafika pomaima kumbuyo kwake pa mzere wa pa mjigo n'kumamununkhiza. Sopo wobiriwira ameneyo amachapira dziko lonse, koma mphuno yanga inalumbira kuti fungo lili pa chitenje chakecho ndi la m'katoni ya amayi anga. Nsanje ilibe manyazi, abale.

Tsiku lina mtanda wathunthu unasowa. Ndinalira, kenaka ndinapsa mtima, kenaka ndinamanga zovala zanga m'chitenje n'kuika mtolowo kuseri kwa chitseko. Ndinaimbira foni amjomba, mlongo wawo wa amayi, amene anali nkhoswe yanga, kuti abwere adzanditenge.

Anafika m'mawa mwake pa minibasi, mwamuna wanga ali kudoko. Anavala mkanjo woyera wa pa Idi ndi kofia yake, kuti mlandu uwaope. Anamvetsera zonse akugwedeza mutu.

"Iwe, ine sindinabwere kudzaphwasula banja chifukwa cha mphuno yako," anatero. "Wakuba timamugwira dzanja lili m'nkhokwe. Ika mtanda wina poonekera, tione kumene upite."

Ndinaika mtanda watsopano pawindo. Amjomba, munthu wamkulu waulemu wake, anakabisala kuseri kwa bafa. Mwamuna wanga anabwera masana, anadya, ine ndinanyamula ndowa kunamizira kupita kumjigo. Sindinafike patali. Ndinamuona akutuluka akuimba mluzu, thumba la kabudula litatupa.

Tinamutsatira chapatali, ine patsogolo, amjomba pambuyo akubisala kuseri kwa mitengo yoonda kuwaposa. Mkanjo wawo unkaoneka ngakhale kwa munthu amene ali tsidya la nyanja. Mwamuna wanga atafika pa nyumba ya mayi wa zitumbuwa uja, anaima. Analonjerana ndi mayiyo, anaseka, anatola chitumbuwa chimodzi.

"Walahi, mwana wa mlongo wanga sananame," ananong'ona amjomba.

Koma thumba silinakhudzidwe. Munthu uja anapitirira akutafuna, n'kutsetserekera kudambo, kumene mtsinje umathira m'nyanja.

"Apangana kuti akakumane m'mabango," ndinatero. "Tiyeni!"

Ine matope ndinawazolowera kudimba, koma amjomba ndi munthu wa sitolo. Anakwinya mkanjo mpaka m'maondo, timiyendo tili pamtunda. Nsapato imodzi inamira, anaifufuza ndi phazi, inakana, anaisiya akung'ung'udza m'Chiyao. Udzudzu unatilandira ngati alendo a ukwati. Tinakwawa choncho mpaka tinamvanso mluzu uja pafupi.

Ndinapatula mabango. Mwamuna wanga anakhala pa bwato lovundikira, yekhayekha, beseni lili pakati pa miyendo. M'besenimo munali chingwe chachitali cha mbedza zambirimbiri. Pa bondo anaika sopo wa amayi anga, akumudula tizidutswa tonga nsonga ya chala, chilichonse n'kuchikoleka pa mbedza yake mwachikondi. Koma ine mutu unali utatentha kale, maso sanauze mtima zimene akuona. Ndinatulukira ngati njati.

"Ali kuti?"

Anadzidzimuka mpaka mpeni unagwera m'madzi. "Ndani?"

"Amene mukumudulira sopo wangayo! Mutulutseni!"

Anandiyang'ana, anayang'ana sopo, kenaka anaona amjomba akutuluka m'mabango ndi nsapato imodzi, matope mpaka m'chiuno. Anaimirira msanga n'kuvula chipewa.

"Amjomba, mwafika liti? Kunyumba kuli bwanji?"

"Za kunyumba tikamba bwino, akamwini. Yankhani kaye funso. Sopoyu ndi wa yani?"

Mwamuna wanga analoza m'madzi. "Wa milamba."

Chule wina analira.

"Usipa kulibe, nyambo ndikanaitenga kuti?" anapitiriza. "Mlamba umafera sopo ameneyu. Fungo lake limayenda m'madzi, ndiponso sachoka msanga pa mbedza. Anandiphunzitsa malemu bambo anga."

"Nanga bwanji osandiuza?" ndinafunsa, mawu atayamba kuchepa.

"Inu mukanauza anzanu pa mjigo, mawa lake dambo lonseli likanachita thovu. Komanso ndinkaopa kuti mukana kudya. Mmene mumanyambitira zala muja!"

Amjomba anayamba ndi kaphokoso ka m'mphuno. Kenaka anagwira pamimba, kofia inagwa, ndipo anakhala pansi m'matope momwemo ndi mkanjo wa pa Idi.

"Iwe!" anakuwa akundiloza, misozi ili mbwembwembwe. "Mkazi mnzako ali ndi ndevu! Ndipo wakhala ukumudya ndi tomato!"

Ine ndinafuna kukwiyabe, koma zinakanika. Chimwemwe chinandikwera kuchokera kumapazi, ndinaseka mpaka kutsamira bwato, ndinaseka mpaka m'nthiti kupweteka. Mwamuna wanga ndi wanga ndekha! Ndikanatha kupsompsona mlamba uliwonse m'dambo limenelo. Ndinakhala pansi n'kumuthandiza kukoleka nyambo, ndipo ndinadzibaya chala kawiri osamva kuwawa.

Pobwerera tinadutsanso pa nyumba ya mayi wa zitumbuwa. Ndinamulonjera mogwada, ndinamufunsa za ana, za mbuzi, za amuna ake ku Joni, ndinayamikira kuyera kwa zovala zake. Mayi wosalakwayo anangoti kakasi, akuyang'ana amjomba amene ankayenda chotsimphina ngati atuluka m'dzenje la njerwa. Njira yonse mwamuna wanga ankanditsanzira: "Ali kuti? Mutulutseni!" Ife n'kuyambiranso kuseka.

Tinafika pakhomo tikusekabe. Iye anatsogola kuti akatengere amjomba madzi osamba. Anakankha chitseko, koma chinatseguka theka n'kugunda chinthu. Anasuzumira kuseri, ndipo ndinaona msana wake ukuuma. Anatuluka atanyamula mtolo wanga uja, nsapato zanga za paukwati zikuonekera pa mfundo.

Kuseka kunatha. Amjomba anatembenuka n'kuyamba kuyang'anitsitsa mtengo wa papaya.

"Mumapita?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ee."

"Lero lomwe?"

"Minibasi ya madzulo."

"Osandifunsa?"

"Ndinakufunsani, bambo. Munati makoswe."

Munthu amene sankasowa nthabwala anaima pakhomo pake atakumbatira mtolo. Ndinamumvera chisoni, komanso ndinachita mantha poona mmene tinafikira pafupi ndi kusiyana.

Analowa nawo kuchipinda. Ndinamutsatira n'kuima pakhomo. Anagwada pa mkeka, akulimbana ndi mfundo imene ndinaimanga ndi ukali wanga wonse, zala zake zikuterera ndi sopo. Itamasuka anatulutsa diresi langa limodzi, analikutumula, analipinda mokhotakhota, n'kuyang'ana uku ndi uku m'chipindamo.

"Mayi," anatero osatukula mutu, "ili limakhala pati?"