Katemera atakana kugwira mwa amama

Atata anakalamba mpaka imvi mbuu osalowapo m'babashopu. Chikwatiranireni, mutu wawo unali ntchito ya amama. Loweruka lililonse masana, kuseri kwa nyumba yathu ku Ndeke, mu Kitwe, atata ankakhala pa kampando pansi pa mtengo wa mapeyala, thaulo lili m'khosi, amama n'kuwapaka sopo ndi kuwameta mpala ndi lumo. Nkhani zonse za pakhomo zinkathera pamenepo, za ife ana, za kumudzi ku Katete, za amene wasiya kubwera ku mapemphero a mphakati. Ankakangananso, koma mwamuna amene lumo lili pafupi ndi khutu lake sachedwa kuvomera kuti walakwa.

Mutu wa atata unali ndi zipsera za kumgodi, choncho mwezi sunkatha osatemedwa pang'ono. Amama ankangopukuta magaziwo ndi chala n'kupitiriza. Zala zawozo zinali zong'aluka ndi ntchito, komanso zobooledwa ndi kasingano koyezera shuga. Palibe mmodzi wa ife amene anaganizapo kuti pali choopsa.

Ine nthawi imeneyo ndinali ku Ndola, ndikuphunzitsa ku pulayimale, ndipo pafupifupi Loweruka lililonse ndinkakwera basi kupita ku Kitwe. Ndine ndinaperekeza atata kuchipatala pokachotsa ng'ala m'diso. Asanawachite opaleshoni anawayeza magazi, ndipo m'menemo ndi mmene anapezeka ndi kachilombo ka matenda a chiwindi, aja amati hepataitisi B. Adokotala anati mwina akhala nako zaka zambiri osadziwa, chiwindi chikadali bwino, koma kachilomboko kamayenda m'magazi ndi pogonana, ndiye a m'nyumba ayezedwe. Tinayezedwa ine ndi amama, tonse tinalibe. Nesi anachita kuwerenga kawiri pepala la amama atamva za lumo lija.

Anatiyambitsa katemera. Ndi jakisoni zitatu: yoyamba, ina pakatha mwezi, yomaliza pa mwezi wachisanu ndi chimodzi. Kumeta kwa kuseri kuja anakuletsa kaye. Atata anayamba kupita kubabashopu ya pamsika atanyamula lumo lawolawo m'kabokosi ka machesi, kuti asapatsire ena. Ankabwerako mutu uli ngati munda wolimidwa mothamanga, amama n'kumauzungulira akugwedeza mutu wawo, koma ankapirira poti ankawerenga miyezi.

Pano ndinene za shuga wa amama. Anali naye kuyambira ndili kusekondale, ndipo ankamutenga ngati mlamu wovuta amene munthu umangomuzolowera. Ankaphika vitumbuwa zogulitsa pamsika, ndipo ankati wophika wosalawa ndi wakuba. Kulawa kwawoko kunali kwa vitumbuwa zinayi. Tiyi ankathira masipuni atatu, munkoyo, thobwa la kuno, ukakhala wosatsekemera ankautcha madzi otsukira mbale. Mapiritsi ankamwa akakumbukira. Tinalankhula mpaka kukamwa kuuma, ine, ansembe, manesi, koma yankho linali limodzi, lakuti iwo ndi shuga wawo amadziwana. Ndinkakwiya nawo zedi, ndipo nthawi zina ndinkabwerera ku Ndola osatsanzika bwino.

Patatha miyezi iwiri chilandirireni jakisoni yomaliza, anatiyezanso magazi kuti aone ngati thupi lapanga chitetezo. Langa linapanga. La amama ayi. Nesi uja, mayi wa Chibemba wodekha, anatikhazika pansi tonse atatu n'kufotokoza. Anati katemera sali ngati mpanda woti akumangire wina, iye amangoonetsa thupi mdaniyo, ndipo thupi lenilenilo ndilo limapanga asilikali. Shuga akakhala wokwera nthawi yaitali, asilikaliwo amachita ulesi, ndipo ukalamba ndi kunenepa zimawonjezerapo. Anati abwereza jakisoni zonse zitatu, ambiri zimawagwira ulendo wachiwiri, koma sakanalonjeza. Chimene amama akanachita ndi kutsitsa shugayo kuti thupi lipeze mphamvu.

Atata anamva zonsezo, koma anatolapo chimodzi chokha, chakuti mkazi wawo alibe chomuteteza kwa iwo. Pansi pa mgodi ntchito yawo inali yogogoda denga ndi chitsulo anthu asanalowe. Mwala ukalira moipa, ankatchinga malowo, ndipo ngakhale bwana sankadutsa. Tsopano anadziyesa okha malo otero. Tsiku lomwelo anasamutsa matiresi kupita m'chipinda changa chakale. Anamanga ulusi wofiira pa kapu yawo, anapatula mbale ndi sipuni, ndipo ankadyera pakhonde okha. Ndinawakumbutsa kuti nesi ananena momveka kuti m'mbale ndi m'kapu mulibe vuto, ngakhale kugona chipinda chimodzi. Anandiyankha kuti anzawo amene anakwiriridwa pansi nawonso anauzidwa kuti palibe vuto.

Amama poyamba ankaseka, akuti mdala wapenga. Patapita masabata atatu kusekako kunatha. Ndinawapeza Loweruka lina pamsika, beseni la vitumbuwa lili lodzaza, iwo akuyang'ana kumbali. Nditawafunsa chavuta, misozi inatsika pamaso pa anthu, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo.

"Mwana wanga, atate ako akundiopa ngati ndine galasi. Nikawapatsa madzi alandila na nsonga za zala. Manje ine nili na mwamuna kapena nili na munthu wa lenti m'nyumba?"

Ndinangokhala pambali pawo n'kuwagulitsirako.

Lolemba lake anapereka chiwaya ndi malo awo a pamsika kwa mayi wina wa mumphakati, iwo n'kuyamba kugulitsa tomato ndi impwa. Mapiritsi anawaika pafupi ndi korona wawo wopempherera kuti asamaiwale. M'mawa uliwonse ankayenda wapansi kupita ku Misa ndi kubwerako, akudandaula njira yonse, ndipo aliyense wokumana naye ankauzidwa kuti ana ndi manesi agwirizana zowapha ndi njala. Tiyi wopanda shuga ankamwa atatsinzina. Zimene ife tinalephera kwa zaka zonse zija, anazichita okha chifukwa chofuna mwamuna wawo abwerere kuchipinda. Kunena zoona zinandipweteka pang'ono kuti mawu athu ana sanalemere choncho, koma ndinawakonda koposa kale.

Sikuti zinayenda mosalala. Pa ukwati wina ku Riverside ndinawagwira kuseri kwa tenti ali ndi keke m'manja onse awiri, ndipo anandiuza mosachita manyazi kuti imodzi akusungira atata. Atata nawo, osauza munthu, anasiya kugula shuga wa pakhonde pawo. Ndinazindikira nditalawa tiyi wawo molakwitsa, iwo n'kunena kuti mano ayamba kuvuta. Mano awo analibe vuto lililonse.

Miyezi inapita, jakisoni zitatu zinatha, magazi anatengedwanso. Tsiku lokatenga zotsatira atata anavala jekete la ku tchalitchi. M'minibasi anandikhazika pakati pa iwo ndi amama. Pabenchi la kuchipatala atata ankangotembenuza chipewa m'manja. Ndinali ndisanaganizepo kuti nawonso miyezi yonseyo anali okha.

Nesi yemwe uja anatiitana, anayang'ana pepala, n'kumwetulira. Anati ulendo uno thupi layankha, chitetezo chilipo chokwanira, ndipo shuga watsika kuposa mmene anaonerapo mwa amama. Anawonjeza kuti magazi ndi magazi ndithu, bala likachitika azisamba m'manja ndi kumanga, ndipo atata asasiye kubwera kudzaonetsa chiwindi. Amama anangoti zikomo, akukonza chitenje ngati munthu amene ankadziwa kale.

Atata sanasunthe. Anapempha nesi kuti abwerezenso, ndipo anabwereza m'Chibemba, pang'onopang'ono. Kenako atata anafunsa ndi mawu aang'ono amene sindinawadziwe.

"Ba sista, ndiye kuti siningamuphe?"

"Awe, ba tata. Bwererani kunyumba na bakazi banu."

Mdala amene anatulutsapo mitembo ya anzake pansi pa nthaka osagwetsa msozi anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Ine ndinayang'ana kukhoma. Amama anaimirira, anawachotsa chipewacho, n'kuwapukuta nkhope ndi chikhatho chawo chopanda kanthu, ndipo atata sanabweze mutu.

"Nyamukani, atate ake ana, anthu akudikira panja. Munandisiya nekha miyezi yonseyi, ndiye muziliranso ndinu?"