Mlonda wa Khola Nambala 14

Mlamu wanga anthu amamutchula kuti a Kukhola. Dzinali linabwera chifukwa ukamuitana masana, kaya kudzadya kaya kwabwera alendo, yankho linali limodzi: “Ndili kukhola.” Chonsecho pakhomo pathu palibe ngakhale nkhuku. Khola lakelo linali m'chipinda chakumbuyo momwe achimwene ankasungiramo matayala, pa laputopu yoikidwa patebulo la makina anga akale osokera.

Iyeyu anakulira kubusa, poti kwawo anabadwa akazi okhaokha ndipo ng'ombe za bambo ake zinalibe wina wozitsatira. Atakwatiwa ndi achimwene anagulitsako mafoni m'shopu ya munthu kwa zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka shopuyo inatsekedwa. Ndiye anapeza ntchito pa intaneti, ku kampani yakunja yomwe imaika makamera m'makola a alimi akumeneko n'kulemba anthu akuno kuti aziyang'anira ng'ombe zabere. Kuno dzuwa likakhala paliwombo, kumeneko ndi usiku, alimi ali m'tulo. Ng'ombe ikayamba kubereka iye ankadina batani lofiira, foni ya mlimi n'kulira. Ntchito inali yomweyo basi.

Ine ndinkamuseka. “Alamu, anzanu akapeza ntchito yakunja amakwera ndege, inu mwabwereranso kubusa.”

“Kuona maso a nkhono n'kudekha, alamu,” ankatero, osacheuka n'komwe.

Chipindacho sindinkachikonda, ndinene zoona. Pawindo anakhomapo bulangete kuti kuwala kusamasokoneze zithunzi, ndiye munkakhala mdima masanasana. Kamera inalibe mawu. Ng'ombe inkayasamula kukamwa kulira, iwe osamva kanthu. Zithunzi zausiku zinali zotuwa, maso a ng'ombe ali mbee ngati matochi.

Malamulo a kampani anali ouma. Dzina la mlimi sankamuuza, ngakhale dera lomwe amakhala; khola linkadziwika ndi nambala. Kudzutsa mlimi pachabe kawiri, ntchito yatha. Kulankhula ndi munthu wakumeneko mosadzera ku kampani, ntchito yatha. Ndipo mlamu anali atalakwitsa kale kamodzi, ng'ombe ina itangotupidwa.

Pa makola anayi omwe ankalondera, lapamtima linali Nambala 14. Mwini wake anali mkulu wotsimphina, wosavula chipewa, ndipo pa zaka ziwiri sitinaonepo mkazi kapena mwana akumuthandiza. Mlamu ankamutchula kuti madala. Ikakwana 3 koloko masana kuno, kumeneko kukucha, madala ankalowa n'kuyenda m'kanjira kapakati pa khola, akugwira ng'ombe iliyonse pamphuno. Mitu inkatembenuka umodziumodzi kumutsatira. Akafika pansi pa kamera ankakweza chipewa. Mlamu naye ankayankha mokweza, “Mwadzuka bwanji, madala?” ngati akumumva. Achimwene ankati, “Ine banja langa lidzatha ndi chipewa.”

Lachinayi lina ndinapita kukamuitana kuti tidye. Ndinamupeza ataimirira, mpando uli kumbuyo.

“Tabwerani, alamu. Mukuona chiyani apa?”

Ndinayang'ana. Ng'ombe zonse makumi awiri ndi ziwiri zinali chiimire. Panalibe yogona, panalibe yobzikula. Mitu yonse inaloza malo amodzi, pakona yapansi pa kamera, pomwe kamerayo sinkafika. Zinangoti duu, moti ndinaganiza kuti netiweki yaima, mpaka ina inagwedeza khutu.

“Mwina mwalowa galu,” ndinatero.

“Galu akalowa zimapondaponda. Zimaima chonchi munthu akagwa. Bambo anga tinawapeza chonchi, ng'ombe zitawazungulira.”

Anati anazipeza zili choncho atangoyatsa laputopu m'mawa. Maola anayi onsewo chala chinali pabatani, akuopa kulakwitsa kachiwiri. Atanena zimenezi, anadina batani lija.

M'munsi mwenimweni mwa chithunzi, muudzu woyala pansi, munayaka kakuwala. Inali foni ya madala, ikuitana. Pambali pake panali chipewa chitagadama. Kuwalako kunazima. Anadinanso, kunayakanso, palibe dzanja lomwe linatambasuka. Ng'ombe zinali chiyang'anire pomwepo.

Analembera kampani. Yankho linabwera nthawi yomweyo, la makina: zikomo potilembera, tidzakuyankhani pasanathe masiku awiri. Masiku awiri, munthu ali gone muudzu.

Pakhoma la kholalo panali bolodi, pomwe madala analembapo ndi choko nambala ya dokotala wa ziweto. Mlamu anakulitsa chithunzi mpaka manambala anaoneka, n'kutambasula dzanja. “Foni yanu, alamu. Yanga ilibe mayunitsi.”

Apa ndiye ndimachita manyazi mpaka lero. Foniyo ndinaibisa kumbuyo. “Alamu, ntchito. Ana adya chiyani?”

Anangondiyang'ana, dzanja lili chitambasulire, mpaka ndinamupatsa.

Inaitana nthawi yaitali. Anayankha mayi wa mawu atulo, wolusa ngati wapondedwa pachilonda. Mlamu sankadziwa dzina, sankadziwa msewu. Anangoti mkulu wotsimphina mwendo wakumanzere, wa chipewa, ng'ombe makumi awiri ndi ziwiri, ina yoduka mchira. Kenaka foni inadulidwa.

Tinadikira pafupifupi ola, chakudya chikuzizira patebulo, panja wogulitsa makala akuitanira malonda ake. Kenaka chitseko cha khola chinatseguka, munalowa mayi wina akuthamanga, pambuyo pake amuna awiri ndi machira. Onse anagwada pakona paja, ife tikuona misana yokha. Patapita nthawi anadzuka, n'kunyamula machira kudutsa m'kanjira kaja.

“Mwaona?” Mlamu anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa. “Wakweza dzanja. Wandipatsa moni. Ali moyo, alamu.”

Analira, akuseka.

Anthuwo atapita, ng'ombe zinayamba kugona imodziimodzi. Mlamu anakana kuchoka, nane ndinakhala naye. Chipewa anachiiwala muudzu momwemo.

Itakwana 3 koloko, ng'ombe yakuchitseko inadzuka n'kutulutsa mphuno kukanjira. Yotsatira nayo inatero. Mitu inatembenuka umodziumodzi, pang'onopang'ono, pa liwiro la munthu wotsimphina, mpaka yomaliza yapansi pa kamera. Chitseko chinali chotseka. M'kanjiramo munalibe munthu.

“Zazolowera nthawi,” anatero mlamu motsitsa mawu. Kenaka ndinamva akuti, “Mwadzuka bwanji, madala?”

M'mawa mwake kalata inabwera. Anaphwanya lamulo, ntchito yatha. Za mlimi sanganene kanthu poti n'zachinsinsi. Laputopu inangoti bii. Nambala ya dokotala ija ndinaifufuta m'foni mwanga tsiku lomwelo, n'kumunamiza kuti yasowa yokha.

Pano a Kukhola amagwira kusitolo ya mankhwala a ziweto, ndipo alimi amadutsa ogulitsa ena onse kufuna iwo. Nkhani ya madala amaikamba mosangalala, kuti maola anayi aja sanawononge kanthu, munthu anachira, mwina ali kwa ana ake.

Ine ndinali chiimire kumbuyo kwake machira akudutsa, ndipo maso anga ndi abwino, ndimalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi. Nsalu inali itaphimba mpaka kumaso. Dzanja lija silinakwezedwe, linagwa m'mbali onyamula atapunthwa, mmodzi n'kulibwezera.

Akandifunsa kuti, “Si munaona nanu, alamu?” ndimati eya, ndinaona. Makina anga osokera ndinawabwezera m'chipinda chija, bulangete ndinachotsa. Koma ikamayandikira 3 koloko ndimakasokera pakhonde.