Zikwatu za Ulusi Wofiira za Mayi Abigeli Nankhoma

Mpingo wathu wa ku Sakubva wataya mayi amene sanaimepo kutsogolo kuti alalikire, koma ndiwo zawo zinadyedwa pa maliro ambiri a anthu akwathu muno mu Umtali.

Mayi Abigeli Nankhoma anabadwira kumapiri a ku Ntcheu, ku Nyasalande. Anabatizidwa ali mtsikana, atayendera kalasi ya ubatizo ulendo wa maola awiri wapansi. Kulemba sanaphunzire, ngakhale dzina lawo lomwe. Chimene anatenga kwa mayi awo ndi kufutsa ndiwo: kuthyola nkhwani ndi khwanya mvula ikamatha, kuwiritsa pang'ono, kuyanika pamphasa, kenako kukulunga m'masamba a msuku n'kumanga ndi luzi. Mpukutu umenewo ndiye chikwatu.

Anakwatiwa ndi a Makaiko, amene anapeza ntchito ya panjanji kuno. Atawaitanitsa, malume a Abigeli, mwini mbumba, anakana kuti mwana wawo woyamba, Jenifa, wa zaka zinayi, apite nawo.

"Mwanayu ndi wa mudzi uno," anatero malumewo. "Akatsala, nawenso udzakumbuka njira yobwerera."

Malume ankayesa achenjera, koma anangong'amba mtima wa munthu pakati. Abigeli anachoka atamanga mbewu za maungu ndi nyemba m'kansalu, mwana akulira m'manja mwa agogo ake.

Kuseri kwa nyumba ya ku Sakubva kunali kamalo koti mbuzi siingakhutepo. Pamenepo ndi pamene anadzala mbewu za kwawo. Anzawo akamazula zonse mu Epulo n'kunena kuti nyengo yatha, iwo ndiye amayamba: kutola nkhwani zomaliza chisanu chisanaziwaule, kufesa mpiru, kutunga madzi kumpopi ndowa ndi ndowa. Mai Joice, mayi wachishona woyandikana nawo, ankawaseka pampanda, akuwaitana ndi dzina la mwana wawo wamwamuna.

"Nhai Mai Crispin, mufushwa wonsewu, ndiwo zofutsazi, mudzadya ndi ndani?"

"Maliro sauza tsiku, anzanga," ankayankha choncho, manja ali pamphasa.

Ndipo zinalidi choncho. Mu Okutobala, dzuwa litawotcha madimba onse, munthu wa kwathu akamwalira wopanda mbale, amayi a Mvano sankafunsana za ndiwo. Ankangoona Mayi Nankhoma akubwera ndi chikwatu m'khwapa, n'kukhala kumbuyo kwenikweni poimba nyimbo.

Koma chaka chilichonse chikwatu chimodzi, cha khwanya wanthete yekhayekha, ankachimanga ndi ulusi wofiira pamwamba pa luzi. Chimenecho sichinali cha maliro. Chinkapita ku Ntcheu ndi aliyense wopita kumudzi, ndipo Jenifa ankabweza mbewu zatsopano m'kansalu. Imeneyo ndiyo inali kalata yawo, zaka makumi awiri. Ulendo wokamuona ankaupangana chaka ndi chaka, n'kulephereka. Kunabadwa Crispin, kenako a Makaiko anadwala chifuwa zaka zisanu, Abigeli akuwasambitsa ndi kuwadyetsa mpaka anawaika m'manda mu 1957. Palibe anawamvapo akudandaula, koma popemphera dzina la Jenifa linkatuluka loyamba.

Mu 1959 anatsimikiza kuti Khirisimasi akadyera kwa mwana wawo, amene anamva kuti tsopano anali pabanja ndiponso woyembekezera. Chaka chimenecho kwathu kunali chipwirikiti, makalata osayenda bwino. Mu Julayi anapatsira chikwatu chofiira a Abisai, mkulu wa mpingo amene ankapita ku Ntcheu.

"Mukamuuze kuti ichi n'chomaliza kutumiza. Chinacho ndidzabwera nacho ndekha."

A Abisai anabwerera mu Sepitembala. Anapeza Abigeli akuthirira mpiru m'mawa. Sanapereke moni wa nthawi zonse. Anavula chipewa, n'kukhala pansi padothi, munthu wamkulu, kenako anatulutsa m'thumba chikwatu chija, ulusi wofiira uli chimangire.

"Mayi, malume anu akuti sangadye za munthu amene kulibe. Akuti zibwerere kwa make. Jenifa anatisiya mu Febuluwale, pobereka, pamodzi ndi khanda. Kalata analemba, koma siinafike."

Abigeli anaika ndowa pansi. Anawerenga miyezi pa zala, n'kuzindikira kuti tsiku limene ankasankha khwanya wanthete, akuimba, mwana wawo anali atagona kale m'manda miyezi itatu. Analira kulira kumene Sakubva sanakumvepo kwa iwo, mpaka Mai Joice analumpha mpanda. Madzulo ake amayi atasonkhana pa maliro opanda mtembo, Abigeli anamasula okha ulusi uja, n'kunena kuti, "Phikani. Mwana wanga anaitana alendo."

Lamulungu lotsatira anali m'tchalitchi, pamalo pawo pa kumbuyo. Kumudzi sanapitenso, ndipo kwa malume awo anatumizako mawu akuti alibe nawo chifukwa. Dimba sanalisiye. Maliro a anthu ena anapitiriza kuwaperekera ndiwo, ngakhale miyendo itayamba kutupa. Tsiku lina Crispin anawapeza akumanganso chikwatu ndi ulusi wofiira, n'kuwafunsa m'Chishona kuti n'cha ndaninso.

"Amai, chimenecho ndechaani futi?"

"Makutu anamva uthenga, mwanangu, koma manjawa sanamve. Asiye, Ambuye akuwadziwa."

Anamwalira mu Okutobala chaka chino cha 1963, masana, atatsamira khoma loyang'ana kudimba, Mai Joice atawagwira dzanja. Anapempha nyimbo imodzi, ndipo isanathe anali atagona.

Kunja kunali kotentha, madimba onse ali gwa. Amayi a Mvano anayang'anana koyamba pa zaka zonsezi, osadziwa kuti anthu adya ndi chiyani, poti wobweretsa ndiwo ndi amene anagona m'bokosi. Apo Crispin analowa kuchipinda, n'kutuluka ndi dengu limene analipeza kunsi kwa bedi. Munali zikwatu zinayi, chimodzi pa chaka chilichonse chichokereni Jenifa, zonse za ulusi wofiira.

Palibe analimba mtima kuzimasula. Potsiriza Mai Joice anagwada, misozi ili chuchuchu, n'kuyamba kumasula ndi mano.

"Phikani, vasikana," anatero kwa amayi aja. "Izi sakutumizanso. Wapita yekha kukamuona."