Chala Chimene Ndinakaniza ku Mandimba

Inu nonse, senderani kuno! Siyani kaye kusankha fodyayo, sathawa. Amake mwana, mpatseni bere mwanayo atonthole. Iwe uli pakhomowe, lowa kapena tuluka, ukunditsekera mphepo. Chete! Ndati chete! Mwakhala mukunong'onezana kudambo za zimene ndinachita ku Mandimba. Lero muzimve pakamwa panga, chifukwa zandikhala pakhosi ngati munga wa mlamba.

Mdzukulu wanga wamkazi mukumudziwa, amene ndinalera ine mayi ake atamwalira. Mwana wamutu! Anakhoza, anamuitana ku Cuamba kukaphunzira unamwino. Koma akuti: bwera ndi pepala la kubadwa, lifike Lolemba m'mawa, likapanda kufika malo ako tipatsa wina. Pepala la kubadwa! Mwanayo anabadwira m'nyumba mwanga muno ku Itepela, pamphasa, mchombo ndinadula ndine. Ndiye akuti pafunika munthu amene anaona kubadwako, akanene ku ofesi yolembetsera, adinde chala. Munthuyo ndine. Ena onse ali kumanda.

Tsono musanandiweruze, taonani chala ichi. Kalekale kunabwera bambo wina wa nsapato zonyezimira, pepala ndi cholembera m'manja, akulemba mwakachetechete. "Amayi, dindani apa, ndi za mbewu basi." Ndinadinda. Mvula isanagwe ndinapeza anthu akulima dimba langa la kumtsinje, akundionetsa chala changa chomwe papepala. Tsiku limenelo ndinalumbira: sukulu sindinapondeko, koma makutu ndili nawo. Chimene sindinachimve chikulembedwa, sindidinda.

Ndipo munthu wanga wondilembera makalata ndinali naye. Pansi pa mtengo wa mango ku Mandimba pankakhala bambo wina wachisilamu wa kofiya yoyera, ndi makina ake olembera pakatebulo. Eee, makina amene aja! Ukanena liwu, iwo akuyankha: taka-taka-taka! Ukanena lalitali, alira nthawi yaitali. Ukapuma, nawonso apuma. Pothera mzere kabelu, ngii! Iye n'kukankha, gwerere! Dzina langa ndinkalidziwa ndi khutu. Tsiku lina analumpha kugunda kumodzi, ine, "Bambo, mwandidula mchira!" Iye kuyang'ana papepala, kugwira pakamwa: "Amayi inu, mukanapita kusukulu bwenzi tonse tikupempha m'misewu."

Ndiye Lachisanu tinakwera shapa, kaminibasi kaja, ine ndi mdzukulu wanga, ulendo wa ku ofesi ya ku Mandimba, kufika, kuima pamzere mpaka miyendo kuuma. Atatiitana, ndikupeza kamtsikana ka zikhadabo zofiira, patsogolo pake kakompyuta kopyapyala ngati chivundikiro cha poto. Kanandiitana kuti vovo, ndiye kuti agogo m'Chipwitikizi.

"Vovo, khalani pansi. Mwanayu anabadwa liti, ndipo kuti?"

Ine ndinamasula. Chaka chimene ntchemberezandonda zinatidyera chimanga, Lachitatu, mvula ikugwa chammbali. Mayi ake akuti, "Amayi, ndikufa ine!" Ine, "Sukufa, kankha!" Azamba akuti, "Mpeni uli kuti?" Mwana kutuluka osalira, ine kumumenya kuphazi, iye, ng'eee! Ndinanena zonse, ngakhale za nkhuku imene tinapha.

Ndikulankhula, ndikutchera khutu. Zii. Zala za kamtsikanako zangokhudzakhudza pang'ono ngati kakusisita mphaka, basi kapinda manja, kakundimwetulira. Kenako chimakina china pakona chalavula pepala lodzaza kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Dindani apa, vovo."

Mtima wanga, gwa!

"Mwana wanga, ine ndalankhula mtolo, iwe wagunda kangati? Sindinamve ngakhale kamodzi. Nanga mawu adzaza apawa ndi a ndani?"

"Amenewo ndi mawu a boma, vovo, alimo kale m'makinamu. Ine ndimangoikapo dzina, tsiku ndi mudzi."

"Alimo kale? Analankhula ndani ine ndisanafike? Analipo pobadwa mwanayu?"

Anthu pamzere kuseka, gwedegwede. Mdzukulu wanga kutenga pepala, kuwerenga Chipwitikizi chonse, kunditembenuzira. "Agogo, zili bwinobwino. Palibe chabodza. Dindani, chonde."

"Iwe mtima uli kale ku Cuamba. Ngakhale atalemba kuti ndine mbuzi, unena kuti zili bwino."

Kamtsikana kaja sikanakwiye, ayi, ndisakanamizire. Kanangoti, "Vovo, titseka ola lachitatu ndi theka. Loweruka ndi Lamulungu kuno kulibe munthu. Mukadinda tsopano, mwanayu atuluka ndi kapepala koti kusukulu akamulandire."

Ine chala ndachibisa m'khwapa. "Dikira pomwepa," ndinamuuza mdzukulu wanga. "Ndikabweretsa pepala lenileni."

"Agogo, musapite! Agogo!"

Ndinapita.

Pamtengo wa mango paja ndinapeza amayi ogulitsa mandasi. "Abambo a makina aja? Anachoka kale pano, ali ndi kasitolo kuseri kwa msika." Kuseri kwa msika, chitseko chokhoma. Wosoka nsapato pafupi akuti, "Mwaiwala kuti lero ndi Lachisanu? Ali ku mzikiti. Khalani, abwera." Ndinakhala pakhonde. Dzuwa likuyenda, ine ndikuliyang'ana ngati mbala yondibera, koma osadzuka.

Balamanthu, uyo! Ndevu zayera mbuu, kofiya yomwe ija.

"Amayi a ku Itepela! Mukadali moyo?"

"Bambo, tsegulani, mwana wanga akumira!"

Kulowa, maso anga kufunafuna makina akale aja. Kulibe. Patebulo pali kompyuta. Ndinailoza ndi chala.

"Nanunso, bambo? Nanunso mwagula zosalankhulazi?"

Anaseka. "Tamverani kaye." Anakoka chithabwa chokhuthala cha mabatani aataliatali, akuti teklado, n'kuikapo zala.

Taka-taka-taka-taka! Tcha!

Abale inu, ndinalira. Misozi yeniyeni, pamaso pa mwamuna wa eni.

"Zofewa zija ndinaziyesa," akutero iye, "zinandidwalitsa. Zili ngati kusinja pamchenga, musi sukuuza ngati wagunda. Ndinkalakwitsa mzere uliwonse. Mwana wanga amene amalemba zinthu za m'makompyuta ku Cuamba ndiye ananditumizira iyi. Akuti naye sagwira ntchito popanda phokosoli, anzake mu ofesi amamutukwana. Batani likalowa, chala chimamva, khutu limamva. Ndikalumpha chilembo ndimadziwa ndisanayang'ane."

"Mwaona! Kodi ndine wamisala?"

Ndinamufotokozera za ku ofesi. Nkhope yake inasintha. Anachotsa zala pateklado paja.

"Amayi, bwererani pompano. Pepala la muno sakalilandira, amafuna lawo. Mtsikanayo walemba zoona. Thamangani mukadinde."

"Bambo, dimba langa munaiwala? Si inu amene munandilembera madandaulo katatu, osabwezedwa?"

"Sindinaiwale. Koma izi ndi zina."

"Lembani! Ndikugwadirani, lembani! Ndikapita nalo, akayerekeze ndi lawolo. Zikafanana ndidinda."

Ndinagwada ndithu, pasimenti. Munthu wamkulu uja anapukusa mutu, "Dzukani, mayi, mukundichimwitsa." Anakhala pampando. "Nenani mwachidule."

Mwachidule! Ine? Makina aja atangoyankha liwu langa loyamba, taka-taka, ndinaiwala dzuwa. Ndinayambira pa ntchemberezandonda. "Amayi, ndikufa ine!" Taka-taka-taka! "Sukufa, kankha!" Taka-taka! Dzina la malemu mwana wanga linalira m'chipinda muja, lonse, lathunthu, kugunda kulikonse pamalo pake. Zaka zonsezi palibe amene analitchula mokweza chonchija. Ndinati, "Bwerezani." Anabwereza.

"Amayi, nthawi!"

"Nkhuku simunalembe."

"Nkhuku boma siliyifuna!"

"Lembani!"

Mapepala awiri anatuluka, otentha. Anandikankhira m'manja, n'kundikankhiranso kunja. "Thamangani! Musapatse moni munthu!"

Ndinathamanga, ine nkhalamba ino. Pakati pa msika, kugunda dengu la matimati, mwini wake, "Mfiti iwe!" Ine osacheuka. Patapata kuduka, kulisiya pomwepo. Chitenje chikumasuka, dzanja limodzi pachitenje, lina lakweza mapepala m'mwamba. Wanjinga, ngiri-ngiri, "Agogo, mufa!" Chifuwa chikuwotcha, malovu owawa, ndikupemphera mokuwa, "Ambuye, gwirani dzuwalo! Ligwireni pang'ono pokha!"

Kufika, mlonda akukoka unyolo pachipata, gwelenjete!

"Bambo, tsegulani! Ndabweretsa zenizeni!"

"Lolemba, mayi."

"Lolemba mwanayu afunika ali ku Cuamba m'mawa! Muitaneni mtsikana wa zikhadabo uja, ndidinda! Ndidinda lake lomwe lija, ndidinda ndi zala zonse khumi!"

"Wapita. Anakudikirani mpaka anzake onse atatuluka, inki ili chitsegulire patebulo. Wakwera njinga yamoto posachedwapa."

Ndinagwira zitsulo za chipata, kuzigwedeza, kulowetsa chala pampata, ngati wina m'katimo abwera kudzachipaka inki. Ndinakuwa m'Chinyanja, m'Chiyao, ndi Chipwitikizi changa cha mawu atatu. Mawindo onse, zii.

Mdzukulu wanga anali atakhala pansi pafumbi, atatsamira mpanda, chikwama chimene analongedza kuti Lamulungu apite nacho ku Cuamba chili pamiyendo. Sankalira. Kukanakhala kulira, bwenzi ndikudziwa chochita. Ndinamuyandikira, ndikuwefuka, ndinamutambasulira mapepala aja.

"Taona, mwana wanga. Muli zonse umu. Mayi ako alimo, iwe ulimo. Ndazimva ndekha zikulowa."

Sanawalandire.

Malo ake akusukulu anapatsa wina. Lolemba ndinabwerera ndekha ku Mandimba, ndinadinda osatchera khutu, pepala lake lili m'sutikesi umo, koma mwini wake kulibe. Ali kwa azakhali ake ku Lúrio, akupalira minda ya eni. Ndatuma anthu atatu, sayankha. Ndamuimbitsa foni, akamva kuti ndine amadula. Akusukulu akuti chaka chamawa adzaitananso, koma iye akuti za sukulu asamuuzenso munthu. Nanga ndichite chiyani? Inu amene munaphunzira, ndiuzeni! Ndipite wapansi? Ndikagwade pakhomo pa azakhali akewo? Ndili nazo zaka zingati zoti ndidikire?

Tsiku lija, pachipata paja, mdzukulu wanga anaimirira, anasasa fumbi kusiketi, anatenga chikwama, n'kuyamba kulowera kokwerera shapa. Ine pambuyo, phazi limodzi lopanda patapata, "Mwana wanga, ima! Ima ndikuuze!" Anatembenuka pakati pa msewu, anthu onse akuona, mwana amene sanandikwezerepo mawu chibadwire:

"Chala chokha, agogo! Ndinangokupemphani chala chokha!"