Chilimwe Chimene Amalume Ankafa N'kudzuka

Kachipangizo ka mabatani kaja kanali kofufutika pomwe pankagwira chala chachikulu, ndipo kankanunkha thukuta. Amalume anabwera nako kuchokera ku Joni pamodzi ndi makina a gemu, kanema wamng'ono, ndi chifuwa chosamva mankhwala a m'golosale. Chinali chilimwe, fumbi la ku Nsaru likulowa mpaka m'mano.

M'gemumo munali dziko lathunthu: mzinda, mapiri, misewu yopanda wokuimitsa. Nditafunsa kuti imatha liti, anati, "Iyi ilibe mathero, mphwanga. Ukafika paphiri ilo, kuseri kuli lina." Ntchito ina ikatha, kadontho kena kankayamba kuwala pamapu. Munthu amene popita kudimba ankapumula panjira, m'menemo ankathamanga osatopa.

M'mawa uliwonse amayi ankaima pakhomo. "Achimwene, lero ndiye tipita kuchipatala eti?"

"Ndingomaliza kaye apa."

Ndinene zoona, lero mwana wanga akagwira foni n'kundiyankha mawu omwewo, ndimamulanda mwaukali woposa cholakwa chake. Iye amalira.

Tsiku lina masana munthu wawo wa m'gemu anagwa pamlatho. Ndinathamangira panja ndikuseka. "Amayi, amalume afa!"

Lichero la mtedza linagwa. Amayi anakuwa mfuu ya maliro, ndipo azimayi oyandikana nafe anabwera akumangirira zitenje m'njira. Anawapeza amalume pampando, akuseka mpaka kutsamwa.

"Taonani, achemwali, ndadzuka kale." Pakanema munthu uja anali ataima pakhomo la chipatala, wathunthu, wopanda ndi chipsera chomwe. "Umu ukafa umatulukira pamenepa, basi n'kupitiriza."

Palibe anaseka. Amayi anandikoka khutu n'kunong'ona kuti ndisamalaule. Maso awo sanali pa ine, anali pa kansalu kamene amalume anapukutira pakamwa n'kukabisa msanga m'thumba.

Mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, anawanyamula amalume pangolo kupita nawo kuchipatala, osathanso kukana. Tinkapita kukawapatsa phala. Tsiku lina tinafika n'kupeza bedi lawo litayalulidwa, ndipo namwino anawatengera amayi pambali.

Ine ndinatuluka n'kukaima panja, moyang'anana ndi chitseko chachikulu, kuti ndikhale woyamba kuwaona. Sindinkamvetsa chifukwa chake amayi ankandikoka dzanja kuti tizipita, pamene amalume anali asanatuluke.